Funsani Kumene Kathabwako Kachokera

Mu Ogasiti 2018, m'nkhalango ya boma ya Olympic, m'chigawo cha Washington ku America, kagulu ka anthu kanapeza mtengo umene kankaufunafuna. Unali wa mtundu wa bigleaf maple, waukulu ndiponso wakalekale. Mitengo imeneyi ndi yambiri kumeneko, ndipo yochuluka thabwa lake ndi lotuwa, lopanda chodabwitsa. Koma mwa apo ndi apo pamapezeka wina umene mitsempha yake inakula mokhotakhota, moti thabwa lake likapalidwa n'kupakidwa mafuta limaoneka la mafundemafunde, ndipo ukalipendeketsa padzuwa mizere yake imakhala ngati ikuyenda. Akuba mitengo amadziwa mofufuzira. Amasenda khungwa ndi nkhwangwa, n'kuyang'ana ngati thupi la m'kati lili ndi makwinya. Likakhala losalala amausiya mtengowo ndi bala lake, n'kupita pa wina.

Umenewu unawasangalatsa. Chovuta chinali chakuti patsinde pake panali chisa cha mavu, ndipo panalibe woti n'kuima pamenepo ndi makina ochekera. Anapopera mankhwala ophera tizilombo, mavu osatha. Kenako anathira petulo pachisapo n'kuyatsa. Moto unawalaka, iwo n'kuthawa. Unanyeka mpaka mu Novembala, n'kupsereza maekala pafupifupi 3,300, ndipo boma linawononga ndalama zoposa madola 4 miliyoni pouzimitsa.

Mlandu wake unazengedwa mu 2021. Anthuwa anali atagulitsa kale matabwa ena kwa wocheka matabwa, ataonetsa mapepala onena kuti mitengoyo inadulidwa pamalo a munthu, osati m'nkhalango ya boma. Akatswiri anatenga DNA ya matabwawo n'kuiyerekeza ndi ya zitsa zimene zinatsala m'nkhalangomo, ndipo zinafanana. Kanali koyamba kuti umboni wa DNA ya mtengo umvedwe pa mlandu wotere m'khoti la boma lalikulu la dzikolo. Mtsogoleri wawo anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 20 chifukwa cha kuba. Mnzake, amene anavomera zakuba ndi zamoto zomwe, anapatsidwa miyezi 30.

Matabwa a anthuwa ankapita kokapangira magitala ndi zoimbira zina, osati mipeni. Koma msika wake ndi umodzi. Thabwa la mawanga likachekedwa, zidutswa zikuluzikulu zimapita kwa opanga magitala ndi mipando, ndipo zotsalira zimadulidwa timatabwa tiwiritiwiri totalika masentimita 12 kapena 13, n'kugulitsidwa kwa opanga mipeni ndi zolembera. Kathabwa kakachepa kufika pamenepo, mbiri yake yatha. Kalibe chidindo cha boma, kalibe nambala ya chipika, kamakwana mu envulopu. Wogula amangoona chithunzi chake pa intaneti, dzina lake ndi ndalama imene akuitchula.

Kwa ambiri a ife mpeni ndi chida basi. Chigwiriro chikathyoka timakulungapo mphira, ntchito n'kumapitirira. Koma ku America, ku Ulaya, ku Japan ndi ku South Africa kuli amisiri amene amasula mpeni umodziumodzi pamanja, ndipo kuli anthu amene amaigula mipeniyo n'kumaisunga m'makabati. Chaka ndi chaka ku Atlanta kumachitika chionetsero cha Blade Show, kumene amisiri a m'mayiko ambiri amayala ntchito zawo. Patebulo lotere ubwino wa chitsulo suoneka ndi maso, umadziwika pogwiritsa ntchito. Chimene chimaimitsa munthu wodutsa ndi chigwiriro. N'chifukwa chake mayina ena asanduka nyambo: cocobolo wa ku Central America, wa mizere yofiira ndi yakuda, snakewood wa ku Suriname ndi Guyana, wa mawanga onga a khungu la njoka, koa wa ku Hawaii, amboyna wa kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, desert ironwood wa m'chipululu cha Sonora, pink ivory wa ku Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Pamndandanda womwewo pali wina amene m'masitolo awo amalembedwa kuti African blackwood. Ameneyo ndi phingo wathu yemweyu.

Ine sindidana nazo zokongola zimenezi. Chigwiriro cha phingo chopalidwa bwino chimawala chokha popanda vanishi, chimalemera ndi kuzizira bwino m'dzanja, ndipo amene anachigwirapo saiwala. Koma pali zinthu zimene wopanga ndi wogula ayenera kuzidziwa ndalama isanatuluke m'thumba, ndipo wogulitsa timatabwa kawirikawiri sazitchula.

Mawanga amene amakopa masowa nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti mtengowo sunakule mwa masiku onse. Timaso tambirimbiri tozungulira tija timapezeka m'chotupa chimene chimamera pathunthu kapena patsinde, chodzaza ndi mphukira zimene sizinatuluke. Mizere yonga nthenga imachokera pamphanda, pamene nthambi ziwiri zinkakankhana pokula. Timizere takuda toonda, tooneka ngati tojambulidwa ndi cholembera, ndi malire a bowa amene anali atayamba kudya thabwalo; ndiye kuti linali litayamba kuwola. Zonsezi n'zosowa, ndipo kusowako ndi kumene kumakweza ndalama. Ku California akuba anafika pomalowa usiku m'nkhalango za redwood n'kumadula zotupa pa mitengo yamoyo ya zaka mazanamazana, mpaka mu 2014 oyang'anira nkhalango anayamba kutseka usiku msewu wa Newton B. Drury umene umadutsa m'menemo.

Tsono thabwa, ngakhale litadulidwa, kuumitsidwa ndi kupalidwa, silisiya kumwa ndi kulavula chinyezi. Aliyense amene ali ndi chitseko cha thabwa amadziwa zimenezi: m'dzinja chimafufuma n'kumakana kutsekeka, mu Okutobala chimasiya mpata. Chitsulo sichitero. Ndiye taganizirani mpeni umene chitsulo chake chimadutsa m'chigwiriro chonse, kathabwa mbali ino, kathabwa mbali inayo, atamata ndi guluu n'kukhomerera ndi timisomali tiwiri kapena titatu. Kunja kukauma, timatabwato timafuna kufota, koma timisomali tatigwira. Chinthu chimodzi chiyenera kugonja, ndipo chogonja ndi thabwa. Mng'alu umayambira pa kamsomali n'kulowera m'mphepete, kapena kuchoka pa kamsomali aka kupita pa kanzake. Likapanda kung'aluka limangobwerera m'kati, chitsulo n'kutsala chitatulukira m'mbali, chikukanda chikhatho.

Thabwa la mitsempha yowongoka limafota m'njira yodziwika: m'litali pafupifupi silisintha, limangosintha m'lifupi, ndipo mmisiri amatha kulingalira pasadakhale. La m'chotupa mitsempha yake imaloza paliponse, ndiye limakoka mbali zonse nthawi imodzi. M'kati mwake mumakhalanso timapanga ndi timakungwa tobisika, timene timaonekera pokhapokha mmisiri atapala kale theka la chigwiriro. Snakewood ndiye amaliza amisiri ambiri. Ndi wolimba ndi wosalala modabwitsa, koma kutentha kwa poboola kapena popala mofulumira pa makina kumakwana kuyambitsa timing'alu tosaoneka ndi maso, timene timadzatseguka patapita miyezi, mpeni uli kale kwa mwiniwake. Pa mpeni wa m'khitchini mng'alu si nkhani ya maonekedwe chabe. Mmenemo mumalowa madzi otsukira mbale, magazi a nyama ndi mamina a nsomba, chitsulo n'kumachita dzimbiri kunsi kwa thabwa kumene nsalu siifika.

Amisiri anapeza njira yochepetsera vutoli. Amaumitsa kathabwa kotheratu, n'kukamiza mu utomoni wa m'fakitale m'chiwiya chotsekedwa, n'kupopa mpweya wonse kuutulutsa kuti utomoniwo ulowe m'timipata tonse, kenako n'kukawotcha mu uvuni kuti ulimbe. Kathabwa kotere kamalemera kuposa kale, ndipo pokapala kamanunkha pulasitiki. Njirayi imathandiza kwambiri pa mitengo yopepuka ngati maple, birch ndi buckeye. Koma pa cocobolo, phingo ndi desert ironwood sipindula kwenikweni, chifukwa mitengo imeneyi ndi yothinana ndi yamafuta kale, utomoni ulibe polowera. Wogulitsa akakuuzani kuti cocobolo wake analowetsedwa utomoni, ndiye wamudulitsa, muyambe mwakayika. Mukayikenso kachipika kokutidwa konsekonse ndi phula. Phulalo amapaka kuti kasang'aluke panjira, ndipo kawirikawiri limatanthauza kuti m'kati n'kakawisi.

Zimenezi zimangodya ndalama ndi nthawi. Fumbi limadya thupi.

Taimani pambali pa mmisiri amene akupala chigwiriro cha cocobolo pa makina a lamba. Fumbi lofiirira limakwera, limamatirira pa thukuta la m'mikono ndi m'khosi, limadzaza m'nsidze, ndipo akamina mpango umatuluka wofiira. Limanunkhira bwino, ndipo tsiku loyamba silimuchita kanthu. Mwezi woyamba mwinanso ayi. Koma mitengo ya m'banja la Dalbergia, momwe muli cocobolo, ili ndi mankhwala achilengedwe amene amaiteteza ku chiswe ndi bowa, ndipo thupi la anthu ena limayamba kudana nawo pang'onopang'ono. Tsiku lina amadzuka zikope zitatupa, m'mikono muli nsungu zoyabwa, nthawi zina chifuwa chikubanika. Thupi likafika pamenepo silibwereranso m'mbuyo. Kafumbi kochepa kamakwana kudzutsa zonse, ndipo nthawi zambiri mitengo ina ya m'banja lomwelo imayambanso kumuvuta. Alipo amisiri amene anachita kutulutsa cocobolo yense m'nyumba yogwirira ntchito ndi kusesa paliponse kuti apitirize ntchito yawo. Ngakhale wogwiritsa ntchito mpeni wotha kale, dzanja likamakhala lonyowa tsiku lonse, akhoza kutuluka zidzolo m'chikhatho, ngakhale izi sizichitika kawirikawiri.

Palinso choopsa chimene chimabwera mochedwa. M'zaka za m'ma 1960 madokotala ku England anaona kuti khansa ina yosowa ya m'mphuno inkapezeka mochuluka mwa opanga mipando a m'tauni ya High Wycombe. Kafukufuku anapitirira m'mayiko ena, ndipo mu 1995 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zimene zimayambitsadi khansa mwa anthu. Chiopsezo chimakula kwa amene apuma fumbi la mitengo yolimba kwa zaka zambiri. Ndikamaona anyamata osema ziboliboli atakhala pansi pa mtengo, akukwecha phingo ndi sandipepa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pakamwa ndi pamphuno pali poyera, mtima umandiwawa, chifukwa phingo nayenso ndi Dalbergia, m'bale wake wa cocobolo. Kansalu komanga pamphuno sikagwira fumbi losalala kwambiri, lomwe ndi limene limafika kutali m'thupi. Pamafunika masiki yeniyeni ya fumbi, ya mlingo wa N95 kapena FFP2, yogwira bwino nkhope. Kukwecha ndi madzi kumathandiza, kusamba ndi kusintha malaya ntchito ikatha kumathandizanso. Amene akugwira ntchito ku South Africa asamalenso ndi tamboti, mtengo wonunkhira umene amisiri akumeneko amaukonda: utomoni wake ndi wapoizoni, utuchi wake umapweteka maso, ndipo nyama yootchedwa pa nkhuni zake imatsegula m'mimba.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri inachokera ku Cameroon. Mu 2011 kampani ya Taylor Guitars ya ku America, pamodzi ndi ya Madinter ya ku Spain, inagula fakitale yocheka ebony yotchedwa Crelicam mumzinda wa Yaoundé. Bob Taylor, amene panthawiyo anali mmodzi mwa eni kampani ya Taylor Guitars, atacheza ndi anthu odula mitengo anamva zimene ogula akunja sankazidziwa. Mtengo wa ebony ukaima, sungadziwe ngati mtima wake ndi wakuda bii kapena uli ndi mizere yotuwa, umadziwa utaugwetsa. Ogula ankafuna wakuda bii yekhayekha, ndipo wa mizere ankaugula ndalama yochepa moti sizinkapindula kuutulutsa m'nkhalango. Choncho odula ankagwetsa, kuyang'ana, n'kusiya. Mwa mitengo pafupifupi 10 yogwetsedwa, umodzi wokha ndi umene unkatuluka. Inayo inkawolera pomwepo, mitengo imene inatenga zaka zoposa moyo wa munthu kuti ikule.

Palibe wogula gitala kapena mpeni amene analamula kuti mitengo 9 ife. Iye ankangofuna chakuda chopanda banga. Koma kufuna kumeneko, kukadutsa mwa wogulitsa, wa fakitale ndi wa lole, kunkafika kwa munthu wa nkhwangwa ngati lamulo. Taylor anasankha kugula ebony wa mizere pa ndalama yofanana ndi wakuda ndi kumuika pa magitala ake, ngakhale odula kwambiri. Zidutswa zochepera gitala zinapeza ntchito ina: kampani ya Buck, imene mpeni wake wopinda wa 110 wakhala ukugulitsidwa kuyambira 1964, tsopano imapangira zigwiriro zake ebony wa ku Crelicam. Ndiye mukaona kamzere kotuwa pa chigwiriro cha ebony musachiyese chachabe. N'kutheka kuti chifukwa cha kamzereko mitengo ina idakali chiimire.

Tibwere kwa phingo. Amamera m'madera otentha ndi ouma a mayiko ambiri a mu Africa, ndipo pomuona sungamuganizire: ndi wamfupi, wokhotakhota, waminga, kawirikawiri wamphako. Kunja thupi lake ndi loyera mwachikasu, mtima ndiwo wakuda, wolemera moti umamira m'madzi. Amatenga zaka 70 mpaka 100 kuti afike podulidwa. Ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe, ndi zitoliro za bagpipe za ku Scotland, chifukwa amasemeka mosalala ndipo samva msanga chinyezi cha mpweya wa woimba. Wambiri wamalonda amachokera kum'mwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Ku Kenya wamkulu woti n'kugulitsa anatha kale. Chitoliro chimafuna chidutswa chopanda mng'alu ngakhale umodzi, motero gawo lalikulu la chipika limakanidwa pafakitale. Timatabwa tambiri ta mipeni timachokera pa zokanidwazo, ndipo pamenepo palibe cholakwa. Ndi bwino kuposa kuzitentha. Vuto ndi lakuti wogulitsa wachilungamo ndi wogulitsa wakuba onse amanena mawu omwewo, akuti izi ndi zotsalira chabe.

Njira yosiyanitsira ilipo. M'boma la Kilwa ku Tanzania, bungwe la Mpingo Conservation and Development Initiative linathandiza midzi kutenga umwini wa nkhalango zawo, kuwerenga mitengo ndi kudula mwa muyezo. Mu 2009 midziyo inalandira satifiketi ya FSC, yotsimikizira kuti nkhalango ikusamalidwa bwino, yoyamba mu Africa kuperekedwa kwa nkhalango yachilengedwe yoyang'aniridwa ndi anthu a m'mudzi. Ndalama ya phingo imalowa m'thumba la mudzi, ndipo anthu ali ndi chifukwa chotetezera mitengo ing'onoing'ono ku moto wa tchire. Phingo wotere alipo pamsika. Amadulirapo, koma amabwera ndi pepala lotheka kulitsata mpaka kumudzi.

Lamulo nalo linasintha, ndipo ambiri sanamve. Pamsonkhano wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, umene unachitikira ku Johannesburg mu 2016, mayiko anagwirizana kuika mitengo yonse ya Dalbergia pansi pa chitetezo, kuyambira pa 2 Januwale 2017. Wa ku Brazil, Dalbergia nigra, anali ataletsedwa kale malonda kuyambira 1992. Chimene chinakakamiza mayikowo si mipeni ayi, koma msika waukulu wa mipando yofiira ku China. Lipoti la 2016 la UNODC, nthambi ya United Nations yoona za umbanda, linaonetsa kuti pa zachilengedwe zonse zogwidwa zikuzembetsedwa pakati pa 2005 ndi 2014, mitengo ya rosewood, momwe muli ya Dalbergia, inatenga 35 peresenti ya ndalama zake, kuposa minyanga ya njovu. Mu 2019 ku Geneva lamulolo linafewetsedwa pang'ono: zoimbira zotha kale zinachotsedwamo, ndiponso zinthu zina zotha kupangidwa ngati thabwa lotetezedwalo silikupitirira makilogalamu 10 pa katundu mmodzi. Mpeni wanu wa chigwiriro cha phingo mukhoza kuwoloka nawo malire. Koma timatabwa tosasema si chinthu chotha kupangidwa, ndipo timafuna chilolezo.

Apa ndi pamene munthu wosalakwa amagwera m'mavuto. M'bale wanu ali ku Johannesburg kapena ku London, bwana wake kapena mnzake amapanga mipeni, ndipo wamva kuti kwanu kuli phingo. Akukupemphani kuti pobwera muponye tizidutswa tingapo m'chikwama. Mukuona ngati n'tinkhuni chabe. Wapamalire akatipeza saona choncho: akhoza kukulandani, kukulipiritsani, ngakhale kukutsegulirani mlandu. Kunena kuti ndi ebony, monga amanenera ogulitsa ziboliboli kwa alendo, sikusintha kanthu, chifukwa lamulo limatsata mtengo weniweniwo. Ndipo si phingo yekha. Pamsonkhano wa ku Geneva womwewo dziko la Malawi ndi limene linapempha kuti mukula utetezedwe, utasakazidwa kwambiri ku Zambia ndi ku Congo, ndipo pempholo linavomerezedwa. Mu 2022 ku Panama anawonjezera mitengo ya mu Africa ya m'mabanja a Pterocarpus, Khaya ndi Afzelia, kutanthauza kuti mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zili m'gulu lomwelo. Musananyamule thabwa lililonse la mitengo imeneyi kupita nalo kunja, kafunseni ku Dipatimenti ya Nkhalango ndi ku Dipatimenti ya Nyama Zakutchire, imene imayang'anira za CITES m'Malawi.

Wogula wa kunja nayenso sangabisale kumbuyo kwa kusadziwa. Ku America lamulo la Lacey Act linakonzedwa mu 2008 kuti likhudzenso matabwa: ndi mlandu kulowetsa m'dzikomo thabwa limene linadulidwa mophwanya malamulo a dziko limene lachokera. Kampani ya magitala ya Gibson inafufuzidwa mu 2009 ndi 2011, ndipo mu 2012 inavomera kulipira chindapusa cha madola 300,000 pa nkhani ya ebony wa ku Madagascar.

Wina anganene kuti chigwiriro n'kanthu kakang'ono, sikangathe nkhalango. N'zoona kuti malole a zipika ndi amene amathetsa nkhalango. Chakumapeto kwa 2016 anthu 35, a ku Mozambique, a ku China ndi a m'Malawi momwemuno, anagwidwa m'nkhalango ya Lengwe ku Chikwawa akugwetsa tsanya ndi mathirakitala ndi makina. Amenewo sankafuna zigwiriro. Koma zing'onozing'ono nazo zimaluma, chifukwa zimasankha mtengo wakale kwambiri, wosowa kwambiri, umene uli ndi mawanga. Ku Sonora, anthu a mtundu wa Seri anayamba kusema zifaniziro za desert ironwood m'ma 1960, pamanja, pogwiritsa ntchito mitengo youma yokha. Malonda atakoma, ena anabwera ndi makina, owotcha makala anawonjezera, mpaka boma la Mexico linauika mtengowo pa chitetezo chapadera. Ndi mtengo umene umakhala zaka mazanamazana, ndipo mumthunzi wake ndi mmene zomera zambiri za m'chipululu zimaphukira. Ifenso tinaona ndi maso athu pa mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Unkapita ngati matabwa a denga, unkapitanso ngati timabokosi tonunkhira togulitsa kwa alendo. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse, ndipo pofika 2018 nayonso inali itagwetsedwa. Tsopano tikudikira mbande zobzala kuti zikule.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pa ntchito zonse za thabwa, chigwiriro cha mpeni ndi chimene chilibe chifukwa chogwetsera mtengo. Chimafuna kachidutswa kokwana m'dzanja. Mipeni imene yagwira ntchito yaikulu padziko ilibe zigwiriro zodabwitsa. Opinel wa ku France, amene anayamba kupangidwa mu 1890 m'dera la Savoie, chigwiriro chake chodziwika ndi cha beech, mtengo wamba wa kumeneko. Ophika a ku Japan amagwira mipeni yodula kwambiri ya zigwiriro za magnolia, thabwa lopepuka, lotuwa, losaterera likanyowa, limene likatha amalichotsa n'kuikapo lina. Ndipo wofuna mawanga sakusowa kolowera. Ku Finland mpeni wawo wa puukko umakongoletsedwa ndi birch wa mawanga, ndipo alimi akumeneko amachita kumubzala m'minda ya mitengo. Ku Italy ndi ku Spain thabwa la olive limachokera ku mitengo yakale ya m'minda imene yasiya kubereka.

Ngati mtima wanu uli pa cocobolo kapena phingo ndithu, funsani mafunso musanalipire. Dzina lake la sayansi ndi chiyani? Mayina a pamsika amanamiza: umene amautcha Bolivian rosewood si Dalbergia n'komwe, ndipo pamisika ya ziboliboli thabwa loyera lopakidwa polishi wa nsapato limagulitsidwa ngati phingo. Kandani pobisika ndi mpeni muone m'kati. Unadulidwa dziko liti, unalowa liti, ndi pepala lanji? Unaumitsidwa bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji? Wogulitsa wolongosoka sakwiya ndi mafunso amenewa, ambiri amakondwa kuwayankha. Wina akayamba kuzemba, kapena akamagulitsa thabwa losowa pa ndalama yotsika modabwitsa, musiyeni ndi katundu wake.

Kathabwa kakafika m'manja mwanu musakathamangire. Kasiyeni milungu ingapo m'chipinda chimene mumagwiriramo ntchito, mukakayeza pa sikelo nthawi ndi nthawi mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha. Chipika chachiwisi chimafuna kupakidwa phula la kandulo kapena penti kumapeto konse kuwiri, n'kuikidwa pamthunzi podutsa mphepo. Akalipentala amawerengera chaka chimodzi pa inchi iliyonse ya kuchindikala, ndipo mitengo yothinana ngati phingo ndi tsanya imafuna kuposa pamenepo. Poboola musafulumire, chitsulo chikatentha dikirani. Thabwa lamafuta lipukuteni ndi acetone musanapake guluu, apo ayi guluuyo sagwira. Ndipo amene mwamugulitsa mpeniwo muuzeni kuti asausiye m'beseni la madzi kapena padzuwa, azitsuka, kupukuta ndi kupaka timafuta mwa apo ndi apo.

Kwa mmisiri wa kwathu kuno, thabwa labwino koposa mwina lili kale pafupi. Mango wakale wogwa ndi mphepo amakhala ndi mawanga okongola pamphanda. Gwafa ndi wolimba ndi wosalala. Nyumba yakale ikamagwetsedwa, mafelemu a zitseko ndi mawindo a mlombwa amatayidwa kapena kusanduka nkhuni, chonsecho thabwa limenelo lauma kwa zaka 40 kapena 50 ndipo silidzafotanso modzidzimutsa. Mwendo umodzi wa tebulo lothyoka umatulutsa zigwiriro zingapo. Chofunika kusamala nacho ndi misomali yakale imene inathyokera m'kati, mutu wake n'kukwiririka ndi penti. Yendetsani maginito pathabwa lonse musanaikepo sowo, ndipo pamene pali kadontho kakuda kozunguliridwa ndi dzimbiri kumbanipo kaye ndi tchizulo.